Maziro awiri

Lachisanu m'mawa mayi a kunyumba anandipatsa kapepala. Kunali chinkhoswe cha mwana wa mlamu wanga, ndipo azimayi anagwirizana zokazinga mandasi. Pakapepalapo analemba kuti: mafuta ophikira, 2500 ml.

Inetu sukulu ndinapitako, musandione chonchi. Ndinakhala pakhonde n'kuyamba kuwerengera. Matambala 100 ndi kwacha imodzi, masentimita 100 ndi mita imodzi, nanga mamililita angasiyane bwanji ndi anzawo? Ndinafufuta maziro awiri, kutsala malita 25. Mtima unagunda pang'ono, koma ndinati mwina akuchimuna akubwera mudzi wonse.

Chigubu cha malita 20 pakaliyala, cha malita 5 pahandulo, uyo ulendo wa pa Kasungu boma. Ndalama zomwe anandipatsa mayi sizinafike n'komwe, ndipo chamumtima ndinawaseka kuti sadziwa mitengo. Ndinapisa m'thumba lam'kati, muja ndimabisa kotsala ka fodya yemwe ndinagulitsa ku Chinkhoma.

"Madala, mwatsegula hokala?" anafunsa mnyamata wa m'sitolo. Ndinangomuyang'ana ndi diso la munthu wodziwa zinthu.

Pobwerera njinga ndinachita kukankha. Chitsekero cha chigubu chaching'ono chinkadontha, buluku langa la kutchalitchi lonse noninoni, agalu awiri akundilondola pambuyo ngati ndine mfumu yawo.

Nditafika, azimayi onse pamkeka anangoti zii. Mayi anaimirira, manja m'chiuno.

"Bambo, kodi tikazinga ng'ombe yathunthu?"

Ndinatulutsa kapepala kaja monyadira. Mwana wanga wamkazi, wa Sitandade 5, anakasuzumira, kenako n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi botolo la Sobo la malita awiri, ndi kabotolo ka madzi ka 500 ml. Anaziimika pafupi ndi zigubu zanga, ngati nkhuku pambali pa ng'ombe.

"Ababa, lita imodzi ndi mamililita 1000. Amafuna malita awiri ndi theka. Ndi awa basi."

Apongozi anaseka mpaka kutsokomola, wina kuwathamangira ndi madzi. Malita 22 ndi theka otsalawo ndikugulitsabe m'timachubu pakhonde, ndipo ana a m'mudzi akamadutsa amakuwa kuti, "A Maziro Awiri, odi!"

Zonsezo n'zopirira. Chovuta chinabwera usiku, titazimitsa nyali.

"Bambo," anatero mayi mwakachetechete, "paja munati ya fodya inatha. Nanga yoonjezerayo inachokera kuti?"

Ndinayamba kuliza mkonono.