Ku Lincoln, Nebraska: kukaona anyamata akudzutsa timu yomwe inagona zaka zisanu ndi ziwiri

Wopita ku Lincoln kukaonera mpira wa pa yunivesite ya Nebraska, ku America, nthawi zambiri amatsikira pa bwalo la ndege la Eppley mumzinda wa Omaha, chifukwa ndege zotera ku Lincoln kwenikweniko n'zochepa. Kuchoka ku Omaha mumalowa msewu waukulu wa I-80 kulowera kumwera chakumadzulo, mtunda wa makilomita pafupifupi 95. Tsiku wamba ndi ulendo wa ola limodzi. Loweruka la masewero muwonjezerepo lina, chifukwa msewu umadzaza galimoto zokhala ndi mbendera zofiira za chilembo N, ndipo zonse zimafuna kupatukira malo amodzi. Sitima ya Amtrak yotchedwa California Zephyr imaimanso ku Lincoln, koma imafika pakati pa usiku, ndiye musaiwerengere ngati mulibe pogona pokonzeratu. Malo ogona a mumzindawu amatha miyezi ingapo masewero asanachitike, ndipo mitengo yake imakwera zedi. Ambiri amagona ku Omaha n'kulawira.

Ulendo uwu unali wa pa 23 Novembala 2024, tsiku lomwe Nebraska Cornhuskers inalandira Wisconsin pa Memorial Stadium. Mpira wake si wamiyendo womwe tinazolowera. Ndi uja wa ku America, wa zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa, momwe timu imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mpira mayadi 10, ikalephera mpira upite kwa adani. Kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, komwe amati touchdown, ndi mapointi 6, ndipo kuumenya pakati pa mitengo ndi mapointi 3. Osewera onse ndi ophunzira, ambiri a zaka 18 mpaka 23.

Kuti mumvetse chomwe anthu anadzera tsikulo muyenera kudziwa komwe timuyi inachokera. Nebraska inakhalapo katswiri wa dziko lonse kasanu: 1970 ndi 1971 pansi pa mphunzitsi Bob Devaney, kenako 1994, 1995 ndi 1997 pansi pa Tom Osborne. Matikiti a pa bwaloli akhala akutha masewero aliwonse kuyambira 1962, ndipo mu Seputembala 2024 anakwanitsa ulendo wa 400 wotsatizana. Bwalo limalowa anthu oposa 85,000, moti likadzaza limaposa mizinda yonse ya m'chigawo cha Nebraska kupatula Omaha ndi Lincoln. Koma chichokereni 2016 timuyi inali isanapiteko ku masewero a kumapeto kwa chaka otchedwa bowl, omwe kuti uwapeze uyenera kupambana kasanu ndi kamodzi. Scott Frost, mwana wa pakhomo yemwe anapambanitsa timuyi ngati wosewera mu 1997, anachotsedwa uphunzitsi mu Seputembala 2022 atapambana masewero 16 n'kugonja 31. M'malo mwake munalowa Matt Rhule, munthu yemwe amadziwika ndi ntchito imodzi: kumanga pogumuka. Ku yunivesite ya Temple anayamba ndi kupambana kawiri kokha mu 2013, chaka chachitatu n'kupambana ka 10. Ku yunivesite ya Baylor anayamba ndi kamodzi mu 2017, pofika 2019 anapambana ka 11.

Fikani maola atatu masewero asanayambe. Galimoto isiyeni kutali pang'ono, mtawuni, muyende wapansi kudutsa dera la Haymarket, komwe nyumba zakale za njerwa zosungiramo katundu anazisandutsa malo odyera. Tikiti imakhala pa foni, ndiye itsitsireni pa foniyo musanachoke kogona, chifukwa pakasonkhana khamu lotere netiweki imafooka ndipo anthu amaima pachipata akulimbana ndi intaneti mzere uli kumbuyo. Chikwama wamba salola. Chololedwa ndi cha pulasitiki yoonekera mkati, chosapitirira masentimita 30 m'litali, 30 msinkhu ndi 15 m'mimba mwake. Mipando yambiri ndi mabenchi opanda potsamira, ndipo malo a munthu mmodzi ndi ochepa kwambiri, makamaka aliyense akavala majekete okhuthala. Kumapeto kwa Novembala kumeneku kumazizira mpaka madzi kuuma m'mawa. Valani zovala zingapo zosanjikiza, masokosi awiri, ndipo tengani kabulangete koyala pa benchi, chifukwa kuzizira kumalowera pansi. Bwaloli linatambalala kuchokera kumpoto kupita kumwera, choncho masana mbali ya kumadzulo imalowa mumthunzi msanga, pomwe ya kum'mawa imawombedwa ndi dzuwa kumaso koma kumatentherako. Chakudya choyenera kugula ndi Runza, buledi wotentha wophikidwa ndi nyama yogaya, kabichi ndi anyezi mkati mwake. Anthu amayamba amufumbata m'manja kuti zala zitenthe, kudya pambuyo.

Ngati cholinga n'kuona momwe timu ya achinyamata ikukulira, musalimbirane mipando ya pansi pafupi ndi bwalo. Khalani pamwamba, kapena kuseri kwa mitengo ya zigoli. Pamenepo mumaona osewera onse 22 nthawi imodzi, ndipo zolakwa za anyamata atsopano zimaonekera poyera: wolandira mpira wakhotera mkati pomwe woponya amayembekezera kuti apita kunja, wotchinga wasiya munthu wake chifukwa sanamve chizindikiro, kapena woponya wakakamira mpira sekondi imodzi yowonjezera. Pa kanema zimenezi sizioneka, kamera imatsatira mpira wokha.

Maso a aliyense anali pa Dylan Raiola, quarterback wa zaka 19, wa chaka choyamba pa yunivesite. Quarterback ndiye woyendetsa gulu lonse lomenya nkhondo yakutsogolo: amalandira mpira pa sewero lililonse, amawerenga momwe adani aimira, n'kusankha kuponya kapena kupereka kwa wothamanga. Kumupatsa mnyamata wongochoka kusekondale udindo umenewu n'chimodzimodzi kumupatsa chiwongolero cha basi yodzaza. Raiola anali atalonjeza kale kupita ku yunivesite ya Georgia, koma mu Disembala 2023 anasintha maganizo n'kusankha Nebraska, komwe bambo ake a Dominic Raiola anasewerako. Chifukwa chomwe Rhule anamuikira patsogolo msanga chinali chodziwika kwa aliyense woonera: mu 2023 timuyi inataya mpira kwa adani ka 31, kuposa timu ina iliyonse ya m'gulu lapamwamba, ndipo inamaliza chaka ndi kugonja kanayi motsatizana, konseko mosiyana pang'ono: 20-17 ndi Michigan State, 13-10 ndi Maryland, 24-17 ndi Wisconsin, 13-10 ndi Iowa. Ikanangopambana kamodzi mwa kanayiko ikanapita ku bowl.

Chaka cha 2024 chinayenda monga timu za achinyamata zimayendera. Anayamba bwino, anathibula Colorado 28-10, ndipo pofika kumayambiriro kwa Okutobala anali atapambana kasanu mwa masewero 6. Kenako Indiana inawaswa 56-7. Anatsatiza kugonja 21-17 ndi Ohio State, 27-20 ndi UCLA, 28-20 ndi USC (awiri omalizawa ndi mayunivesite a ku Los Angeles). Chimachitika n'chakuti aphunzitsi a timu zina akapeza kanema wa masewero asanu kapena asanu ndi limodzi a mnyamata watsopano, amadziwa zomwe amakonda ndi zomwe zimamusokoneza. Amayamba kubisa maimidwe awo mpaka mpira utachoka, kapena kumutumizira anthu owonjezera kuchokera mbali yomwe sayang'ana. Wa zaka zinayi pa yunivesite anaziona kale zimenezi. Wa chaka choyamba amaziona koyamba pamaso pa anthu 85,000. Thupi nalonso limatopa, popeza kumenyana ndi amuna a zaka 23 sabata ndi sabata sikufanana ndi mpira wa kusekondale. Raiola anamaliza chakacho ndi mayadi 2,819 oponya, ma touchdown 13, ndipo mipira 11 inagwidwa ndi adani. Manambala amenewa ndi a mnyamata waluso yemwe akuphunzirabe.

Rhule anachita chinthu chomwe aphunzitsi ambiri amachiopa pakati pa chaka. Masewero a USC asanachitike anabweretsa mphunzitsi wina, Dana Holgorsen, kuti ndiye azisankha njira zosewerera za gulu lakutsogolo. Pa tsiku la Wisconsin kusinthako kunaoneka ndi maso. Mpira unkachoka m'manja mwa Raiola msanga, woponyedwa pafupi, kwa Jacory Barney Jr., mnyamata winanso wa chaka choyamba wothamanga ngati gwape, kapena kwa Emmett Johnson yemwe ankatuluka kumbuyo n'kuulandira pambali. Johnson anadutsa mayadi 100 pothamanga ndi mpira, ndipo Dante Dowdell anapeza ma touchdown atatu. Palibe chodabwitsa chomwe anapanga. Anangochepetsa zinthu zomwe mnyamatayo anayenera kuganiza pa masekondi atatu omwe amakhala nawo, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira ndi wosewera wamng'ono. Kumuunjikira buku lonse la masewero chifukwa choti ali ndi dzanja lamphamvu ndiko kumuwononga.

Pali china chomwe ochemerera ambiri sachitchula akamatamanda achinyamata. Timu imeneyi inaima chifukwa cha akuluakulu a gulu lotchinga, lomwe limasewera mpira ukakhala kwa adani. Ty Robinson ndi Nash Hutmacher, zimphona za pamzere wotchinga zomwe zinakhala pa sukuluyi zaka zambiri ndipo zinaona mavuto a nthawi ya Frost, ndi zomwe zinkapangitsa kuti zolakwa za anyamata a kutsogolo zisathere m'chigonjetso nthawi zonse. Ku Nebraska otchinga oyamba amawatcha Blackshirts, chifukwa cha majezi akuda omwe amavala pokonzekera, mwambo wochokera m'zaka za m'ma 1960. Timu yomwe ili ndi ana okhaokha mbali zonse siimanga kanthu, imangophunzira kugonja.

Kumanga ndi achinyamata masiku ano kulinso ndi msampha wake. Mu 2024 lamulo linkapatsa wosewera zaka zisanu kuti asewere zinayi, ndipo kuyambira 2018 ankatha kulowa m'masewero anayi pa chaka osataya chakacho, amati redshirt. Mphunzitsi ankayenera kuwerenga mosamala: mnyamata akalowa kachisanu, chaka chapita. Komanso kuyambira 2021 osewera amaloledwa kulandira ndalama pogwiritsa ntchito dzina lawo, ndipo kusamukira sukulu ina kunaphweka. Ndiye mukhoza kumulera mnyamata zaka ziwiri, kupirira zolakwa zake zonse, kenako pamene wayamba kupsa n'kutengedwa ndi sukulu ya thumba lalikulu. Womusunga pa benchi kuti akule nayenso amachoka, kufuna komwe angasewere lero.

Masewero anatha 44-25. Wisconsin inali itagonjetsa Nebraska maulendo 10 otsatizana chichokereni 2012, ndipo wotchi itafika pa ziro ophunzira analumpha mpanda n'kudzaza bwalo lonse, kufiira kokhakokha pansi pa magetsi. Agogo a tsitsi la imvi, omwe anaona timuyi ikutenga zikho za dziko lonse, ankakumbatirana chifukwa cha kupambana kwachisanu ndi chimodzi. Wina akhoza kunena kuti anthu amenewa anatsika kwambiri. Ine ndikuona kuti anali ndi chifukwa chomveka: timu yopita ku bowl imapeza masabata angapo owonjezera okonzekera mu Disembala, ndipo kwa anyamata a zaka 18 ndi 19 masiku amenewo ndi amtengo wapatali kuposa chikho chenichenicho.

Potuluka musathamangire galimoto. Misewu yozungulira bwalo imatsekeka kwa ola lathunthu, ndiye ndi bwino kubwerera ku Haymarket, kudya chakudya chamadzulo, n'kunyamuka khamu litachepa. Pa I-80 usiku samalani ndi agwape odumpha msewu.

Patangopita masiku asanu ndi limodzi, ku Iowa City, Nebraska inatsogola 10-0 popuma, kenako inalola Iowa kubweza. Kutatsala masekondi ochepa, Raiola anagwidwa akufuna kuponya, mpira unapulumuka m'manja, ndipo Iowa inaumenya pakati pa mitengo kuchokera mayadi 53 n'kupambana 13-10, chimodzimodzi chaka chathacho. Pa 28 Disembala, pa Yankee Stadium ku New York, anyamata omwewo anagonjetsa Boston College 20-15 mu Pinstripe Bowl, n'kutseka chaka atapambana ka 7 ndi kugonja ka 6.