Hatchi Ija Inalibe Mlandu

Ndiyambe ndi kuyeretsa dzina la hatchi, chifukwa kumudzi nkhaniyi inafika itapindika. Akuti hatchi inandiponya pansi pa phiri la Zomba. Si zoona. Hatchiyo inachita chilichonse chimene ndinailamula, kungoti mwini wakene sindinkadziwa kuti ndikuilamula.

Tinakwera phirilo pa holide ya 6 Julayi, ine ndi alamu anga, titabwereka tenti ya anthu awiri. Tinaimanga pansi pa mitengo ya paini, chapafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, ndipo pa ntchito imeneyi palibe angatinene. Mitu tinaloza kumtunda. Zikhomo tinakhoma mopendeketsa, mutu wake kuthawa tenti, chifukwa chikhomo choimirira chilili mphepo imangochizula. Nsalu ya pamwamba tinaikoka kuti isakhudzane ndi ya mkati, apo ayi mame amalowerera. Pulasitiki yoyala pansi tinaipinda kuti isasuzumire kunja, chifukwa ikatero imatunga madzi a chiperoni n'kuwabweretsa kumsana kwako. Pa mabulangete atatu, awiri anapita pansi, pakuti m'nkhalango kuzizira kumachokera m'dothi. Pokoleza moto tinayamba tasesa masamba ouma a paini mamita awiri mbali zonse. Masamba amenewa amayaka ngati athiridwa parafini, ndipo nkhuni zake zimathetheka.

Chinatipusitsa ndi nyemba. Pamtunda wa mamita opitirira 1,500 madzi amawira asanatenthe kwenikweni, cha pa madigiri 95, ndiye mphika umabwata mwaukali koma nyemba zili gwa. Titadikira maola atatu tinagonja, n'kudya nkhuku yootcha imene tinagula m'tauni. Mafupa akewo, poopa anyani, ndinawakulunga m'nyuzi n'kuwalowetsa mu tenti, kumiyendo kwanga. Malo ake enieni anali m'galimoto, zitseko zotseka.

Cha m'ma 2 koloko usiku linthumbu linafika. Amene simunakumane nalo, dziwani kuti sililuma pofikira. Limayamba lakwera mwakachetechete, kudzaza buluku, malaya, mpaka m'tsitsi, kenako lonse limaluma pamodzi ngati wina waliimbira wenzulo. Kukanda sikuthandiza. Umathawira kutali ndi mzere wake, kuvula zonse, n'kumazula kamodzikamodzi, ndipo nthawi zambiri thupi limaduka, mutu n'kutsala utakanirira pakhungu. Amuna awiri apabanja tinavina tili mbulanda pakati pa nkhalango, tochi ili kukamwa, nthunzi ikutuluka m'mphuno. Tinawaza phulusa lotentha mozungulira tenti, chinthu chimene tinayenera kuchita tisanagone, n'kukamalizira usiku m'galimoto. M'mawa buluku ndinalikutumula katatu. Kulitembenuza ndiye sindinalitembenuze.

Ku khola la mahatchi tinafika 9 koloko, nditagula kale mbale ziwiri za masitiroberi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Akunyumba anali atanenetsa kuti ndisatsike phiri popanda zimenezo. Anyamatawo anandithirira m'jumbo. Mnyamata wotitsogolera atangoliona anapukusa mutu.

"Bambo, jumbo ayi. Likapanga phokoso hatchi imadzidzimuka."

M'malo mokalisiya m'galimoto, ndinalilowetsa m'jekete pachifuwa n'kukoka zipi.

Mnyamatayo ntchito yake ankaidziwa. Anativeka zipewa zolimba, lamba wake womanga pansi pa chibwano. Anatiyeza zitsulo zopondapo: nsonga za zala pamene lamba wake wakoledwa pa chishalo, chitsulocho chifike m'khwapa. Chitsulo umaponda ndi kutsogolo kwa phazi, chidendene chitsike, kuti ukagwa phazi lisakodwe. Zingwe za pakamwa osazikulunga kudzanja. Kumbuyo kwa hatchi osadutsako mwakachetechete, ndipo ikagoneka makutu kumbuyo ndiye kuti yakwiya. Ukafinya ndi miyendo yonse iwiri ndiye waiuza kuti tiyeni. Ukafinyanso, wati onjezera moto.

Kenako anafika pa lamba wa pamimba, amene amagwira chishalo. Hatchi zambiri pomangidwa lambayu zimalimbitsa mimba n'kufufuma. Umakoka mpaka kuona ngati wathina, koma ikangoyenda mphindi zisanu kapena khumi mimba imaphwa, lamba n'kutsala lende. Ndiye amamangidwa katatu: pomanga chishalo, usanakwere, ndiponso mutayenda pang'ono. Muyeso wake ndi zala ziwiri zogoneka pakati pa lamba ndi nthiti. Zikalowa zinayi, onjezera bowo limodzi kapena awiri.

Titayenda pang'ono anatiimika kuti aone malamba. Anayamba ndi alamu. Atatembenukira kwa ine ndinakweza dzanja.

"Achimwene, musavutike. Ine ndinakulira pa abulu ku Dedza."

Kunena zoona, abulu amenewo ankakoka ngolo, ndipo ine ndinkakhala m'ngolomo pamwamba pa matumba a mbatata. Ndinawerama n'kupisa zala pa lamba. Dzanja lonse linalowa mpaka pa wotchi. Ndinaganiza kuti ndi bwino, chinyama chizipuma. Safunsa anadya phula.

Ola loyamba linali lokoma. Hatchi ikamayenda wamba imachita makilomita asanu kapena asanu ndi limodzi pa ola, ndipo pa masamba a paini ziboda sizimveka n'komwe. Pokwera mtunda umawerama pang'ono kutsogolo, potsika umatsamira kumbuyo. Yanga, yaikazi yofiirira, inali ndi khalidwe limodzi loipa, lokonda kuzyolika kuti ibudule udzu. Ukailola kamodzi basi, ulendo wonse wasanduka wodyetsa ziweto. Tinatulukira pamalo oonekera patali, kufupi ndi Emperor's View, pamene panaima mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, mu 1965. Nyanja ya Chilwa inali mbee kumunsi, phiri la Mulanje likuoneka chapatali. Ndinakhala tsonga pa chishalo, dzanja m'chiuno, alamu akujambula, ndikudziona ngati mfumuyo yabweranso.

Zinachitika pobwerera. Hatchi iliyonse ikaloza kukhola imakhala ndi changu, imangodikira chifukwa. Chifukwacho chinali chitabisala mu msoko wa buluku langa chiyambire usiku, ndipo kutentha kwa chishalo kunachidzutsa. Kanyerere kamodzi kokha, ka mutu waukulu kaja, kanandiluma pamalo pamene sindingatchule poti apongozi anga amawerenga.

Miyendo inafinya yokha. Hatchi inamva kuti tiyeni, n'kuyamba kamtongo kodumphitsa kaja. Odziwa amanyamuka ndi kukhala motsatira mapondedwe ake, koma ine ndinkangogundika pa chishalo ngati thumba la chimanga pa kabaza. Pofuna kudzigwira ndinafinyanso, zidendene zonse m'nthiti. Hatchi inamvera. Ndinakuwa kuti "Ima! Ima!" uku manja akukoka zingwe, miyendo ikulamula kuti thamanga. Ndinagwera pakhosi pake n'kulikumbatira, ndipo jumbo lija linayamba kulira tswatswatswa pafupi ndi khutu lake lenileni.

Pa kona yokhotera kumanzere thupi langa lonse linatsamira pa chitsulo cha kumanja. Lamba wolimba akanapirira. Wanga anangotembenuka. Chimene anthu sakhulupirira n'chakuti sindinagwe msanga. Chishalo chinatsetsereka pang'onopang'ono, mwaulemu, ine ndili pomwepo. Ndinaona mitengo ikupendekeka, kenako ndinaona nthiti za hatchi, kenako mimba yake, mbali imene alendo ambiri salipirira kuiona. Chidendene chotsitsa chija ndicho chinandipulumutsa, chifukwa mapazi onse anapulumuka m'zitsulo. Ndinatera chafufumimba m'thengo la minga, lija limabala tizipatso tachikasu. Hatchi inathamanga pang'ono, chishalo chili lende kumimba, n'kuima. Mnyamata uja anayamba wagwira iyo, chifukwa chishalo cha pansi pa mimba chimatha kuipengetsa n'kuithyola miyendo. Mmene ankaimasula inali ikudya udzu.

Alamu ndiwo anandithamangira. Atanditembenuza anakuwa mawu amene sindinawamvepo kukamwa kwa mwamuna.

"Mayo ine! Alamu aphulika!"

Ndinayang'ana pachifuwa. Psuu! Zofiira zikutuluka pa zipi, zina zamphumphu, zikuyenderera mpaka m'chiuno. Mphamvu zinandithera. Ndinayamba kuwauza alamu za ngongole imene ndili nayo ku banki m'khonde, ndi pamene ndinabisa makiyi a njinga, ndiponso zina ziwiri zimene mlamu sayenera kumva. Iwo misozi ili mbwee, akungoti, "Limbani mtima alamu, chipatala chili pansi pomwepa."

Mnyamata uja anafika akukoka mahatchi awiri. Anagwada, n'kundifunsa ngati khosi likupweteka, ngati zala za kumapazi zikugwedezeka. Anatsegula zipi pang'onopang'ono. Anaviika chala, n'kununkhiza, n'kulawa.

"Bambo, awa ndi okupsa bwino. Munagula zingati?"

Minga tinazula 23, alamu akuwerenga mokweza. Kanyerere kaja ndinakakazula ndekha kuseri kwa mtengo, mutu wake n'kutsala mpaka Lachiwiri. Chishalo anachimanganso, lamba n'kulowa mabowo atatu kupitirira pamene ndinamusiya, ndipo pondikweza anandifunsa mwaulemu wonse ngati abulu a ku Dedza ali ndi mimba zazikulu.

Kunyumba ndinalowa chotangadza, nkhope yokandikakandika, jekete lofiira m'manja. Akunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Alamu, amene analumbira m'galimoto kuti sadzaulula kanthu, anali atayamba kale kukhosomola.

"Masitiroberi anga ali kuti?" anafunsa. "Nanga za banki m'khondezi ndi ziti?"