Mbale za ku Kitwe m'nyumba ya ku Matawale

Ndinanyamuka ku Limbe Loweruka m'mawa pa minibasi ya ku Zomba, ndili ndi zolinga ziwiri: kukazonda amalume amene anali atangochira, ndiponso kukwera phiri kuti ndikaone damu la Mulunguzi. Titadutsa pa Namadzi ndi pa Thondwe, tinaona kuti phiri lonse lafunda nkhungu ya chiperoni, moti potsika pa depoti ndinadziwiratu kuti za kuphiri zalephereka. Ndinakwera kabaza kupita ku Matawale.

Amalume anagwirako ntchito kumigodi ya mkuwa ku Kitwe, m'chigawo cha Copperbelt m'dziko la Zambia, ali mnyamata. Titatha kudya nsima ya matemba a ku Chilwa, anandituma kuti ndikoke sutikesi yakale imene inali kunsi kwa bedi. M'menemo munali mbale za galamafoni zokutidwa ndi chitenje, ndipo pa zikuto zake panali anyamata a tsitsi lowirira, ovala mathalauza otambalala kumiyendo. "Mphwanga, awa ndiwo anatilera ku Copperbelt," anatero akundipatsa chimbale cha gulu la WITCH chotchedwa Lazy Bones, chimene chinatuluka mu 1975. Galamafoni yawo inasiya kuimba kalekale chifukwa singano inatha, choncho mbalezo tinangozigwira m'manja, nyimbo zake n'kumazimvera pa YouTube pa foni yanga.

Nyimbo zimenezi masiku ano amazitchula kuti Zamrock. Anyamata a ku Lusaka, Ndola ndi Kitwe anamva magitala a Jimi Hendrix ndi The Rolling Stones, nawaphatikiza ndi kaombedwe ka ng'oma za kwawo. Rikki Ililonga ndi gulu lake la Musi-O-Tunya ndi ena mwa amene anatsegula njira. Woimba wamkulu wa WITCH, Emmanuel Chanda, anapatsidwa dzina loti Jagari chifukwa ankavina ngati Mick Jagger, woimba wa The Rolling Stones. Koma amene anandigwira mtima ndi Paul Ngozi wa gulu la Ngozi Family, chifukwa pakati pa phokoso la gitala lokhadzula ngati mphezi ndinamvamo Chinyanja, mawu omwewa amene timalankhula pamsika wa Zomba. Sindinaganizepo kuti chilankhulo chathu chingakwane bwino chotero mu rock, ndipo nyimbo imodzi ndinaibwereza katatu.

Ndinafunsa amalume chifukwa chimene nyimbo zoterezi sizinazikire mizu kwathu kuno. Iwo anati kusiyana kunali pa maboma. Ku Zambia, pulezidenti Kenneth Kaunda, amene nayenso ankaimba gitala, analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dzikomo, ndipo anthu a kumigodi anali ndi ndalama zogulira mbale ndi kulipira pakhomo la dansi. Kuno, pa nthawi imene Zomba inali idakali likulu la dziko, lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe, nthawi yomwe tsitsi lalitali kwa amuna linaletsedwanso. Amalume akamabwera kutchuthi ankayamba ameta ku Chipata asanawoloke malire, mathalauza aja n'kuwapinda pansi pa sutikesi.

Atafika pa mathero a nkhaniyi, mawu awo anatsika. Mtengo wa mkuwa utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zinasowa. Malamulo oletsa kuyenda usiku ku Zambia pa nthawi ya nkhondo ya ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero) anatseka madansi, disiko inalanda malo a magulu oimba, kenako Edzi inatenga oimba ambiri. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari, amene anatsala yekha mwa anzake oyamba a WITCH, anakhalapo mphunzitsi, pambuyo pake n'kumakumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze chakudya. Mbale zawo zinadzatsitsimuka pamene kampani ya ku America ya Now-Again Records inayamba kuzitulutsanso, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango. Nditawaonetsa amalume kanema wa Jagari akuimba pamaso pa khamu la anthu ku Ulaya, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anapempha kuti ndiubwereze.

Lamulungu kunacha bwino, phiri likuoneka lonse mpaka mitengo ya paini ya pamwamba, koma sindinakwere, chifukwa m'sutikesi munali mutatsala mbale zimene tinali tisanazione, kuphatikizapo chimbale cha gulu la Amanaz chotchedwa Africa. Madzulo, pondiperekeza kumsewu, amalume anandipatira kapepala kamene analembapo mtundu wa galamafoni yawo, nandipempha kuti ndikafunefune singano yake ku Blantyre ndisanabwerenso pa Khirisimasi.