Madandaulo olembedwa ndi pensulo

Ntchito yanga kukhoti la federal (la boma lalikulu la dziko lonse) kuno ku America ndi kuwerenga madandaulo a anthu odzisumira okha opanda loya, makamaka akaidi, n'kulembera jaji maganizo anga. Ambiri amadzera pa Section 1983, lamulo la mu 1871 lomwe linabwera pothana ndi a Ku Klux Klan, gulu la azungu lomwe linkazunza anthu akuda. Limalola munthu kusumira wapolisi kapena woyang'anira ndende amene wamuphwanyira ufulu.

Lolemba ndinayamba ndi dandaulo lolembedwa ndi pensulo mbali zonse za pepala mpaka m'mphepete. Bamboyo akuti anamenyedwa usiku m'selo, koma paliponse wangolemba kuti “iwo anandizunza”, osatchula amene anamenya ndi amene anangoimirira n'kumaonerera. Chigamulo cha Supreme Court pa mlandu wa Iqbal mu 2009 chimati dandaulo lisangotchula mlandu, lifotokoze zimene aliyense anachita. Ndinalembera jaji kuti tisamutsekere khomo, timupatse masiku 30 akonze dandaulolo. Chifukwa chake n'chakuti lamulo la PLRA la mu 1996, lokhudza milandu yosumidwa ndi akaidi, limawerenga: milandu itatu ya mkaidi ikathetsedwa ngati yopanda maziko, saloledwanso kulipira ndalama yotsegulira mlandu pang'onopang'ono. Azipereka madola 405 onse pachiyambi, pokhapokha ali pangozi yoti avulala kwambiri posachedwa. Kwa munthu wotsuka mbale m'ndende pa masenti ochepa pa ola, basi kwatha.

Mlandu umene wandisowetsa mtendere ndi wa Lachitatu. Mkaidi anakhala miyezi dzino litatupa osaonedwa ndi dokotala. Maloya a ndende sanatsutse n'komwe za dzinolo. Anangobweretsa mapepala oonetsa kuti anadandaula kwa akuluakulu a ndende, koma apilo yake anaipereka mochedwa. Lamulo limafuna kuti munthu atsirize njira zonse zodandaulira m'ndendemo, motsata nthawi zake, asanafike kwa ife. Ndinafufuza ngati anamubisira mafomu kapena kumuopseza, pakuti zikatero mlandu umapulumuka. Panalibe umboni. Ndinalemba kuti uthetsedwe, mtima usakufuna.

Lachinayi linapita ndi wina wosumira jaji amene anamugamula. Pa zigamulo zawo majaji sasumiridwa ndalama, choncho tsamba limodzi linakwana.

Lachisanu dandaulo la mayi wina wokanizidwa insulin, mankhwala a matenda a shuga, linadutsa, chifukwa analemba masiku, dzina la namwino ndi zimene anamuyankha. Masamani apita ndi a US Marshals, apolisi otumikira makhoti a federal, ndipo maloya a mbali inayo akayankha fayiloyo ibwereranso pa desiki panga.