Fish pa Ubuntu: koitenga ndi kopeza chithandizo

Anzanga a ku Mzuni ndi ena muno mu Mzuzu amene mukuphunzira Linux, yesani fish. Iyi ndi shell, pulogalamu yomwe imalandira malamulo amene mumalemba mu terminal, ngati bash yomwe imabwera kale ndi Ubuntu. Pa Ubuntu lembani `sudo apt install fish`. Ya makina ena muipeza pa fishshell.com.

Musathamangire kulemba `chsh -s /usr/bin/fish`, lamulo lomwe limachititsa kuti fish ikhale shell yanu ya nthawi zonse. Yambani mwaiyesa polemba `fish` basi, chifukwa siyitsata malamulo onse a bash, ndipo zomwe munaika mu `.bashrc`, fayilo yosungira zokonda zanu za bash, siiziwerenga. Zimenezo muzisamutsire ku `~/.config/fish/config.fish`, muzilembenso m'kalembedwe ka fish.

Chomwe ndimaikondera kwambiri n'chakuti `help` imatsegula malangizo omwe ali kale m'kompyuta yanu, ndiye bandulo ikatha kapena netiweki ikavuta ku Luwinga, mumawerengabe. Zikakanikiratu, kalembeni vutolo pa GitHub, pa tsamba la opanga fish la fish-shell/fish-shell, mutchule zomwe `fish --version` yaonetsa ndi uthenga wonse wa vutolo osadula.