Tsiku limene ndinaphunzitsa apongozi mbiri

Apongozi anga aamuna amakonda mafilimu a makaubowi kuposa nsima. Atabwera kudzatiyendera mwezi watha, ndinati ndiwasangalatse. Ndinabwereka DVD ya The Good, the Bad and the Ugly, ija ya 1966 ya Sergio Leone, momwe Clint Eastwood amangotafuna fodya wake osalankhula zambiri. Madala anakhala pa sofa, kapu ya thobwa m'manja, maso pa TV.

Vuto langa ndi lakuti ndine mphunzitsi wa mbiri. Pakamwa sipakhala chete.

Tinafika pamalo paja pamene Eastwood ndi mnzake wa mufilimuyo, Tuco, amamangirira mabomba pa mlatho. Ine ndinatenga limoti n'kuimitsa filimu.

"Bambo, apa anama," ndinatero. "Nkhaniyi ikuchitika pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, cha m'ma 1862. Koma dynamite ameneyu Alfred Nobel anadzalembetsa mu 1867, nkhondo itatha kale mu 1865."

Apongozi anandiyang'ana ngati ndawathira mchenga mu ndiwo.

"Akamwini, inu munalipo?"

Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Ine ayi. Ndinawafotokozera kuti mfuti ya Eastwood ikudya zipolopolo za chitsulo, pamene mfuti za Colt za nthawi imeneyo ankazithira onga ndi mpholopolo padera. Ndinawonjezera kuti chipululu chomwe akuchionacho si cha ku New Mexico ku America, kumene nkhaniyi ikuchitikira, ndi cha ku Spain, ndipo mlathowo anauphulitsa kawiri chifukwa ulendo woyamba makamera anali asanayambe kujambula.

"Ndiye mwatiwonongera," anatero mwakachetechete.

Ndinafuna kubwezera m'mbuyo pang'ono kuti aone mfutiyo. Chala chinadina batani lolakwika, filimu n'kubwerera koyambirira penipeni, nyimbo ija ya mluzu n'kuyambiranso. Filimu ya pafupifupi maola atatu! Ndikulimbana ndi limoti, thukuta lili kamukamu, magetsi anangoti thi. Mdima. Mkangano wa anthu atatu kumanda kuja, wa kumapeto kwa filimu, umene madala ankaudikira chiyambire, sanawuone.

Mkazi wanga anayatsa kandulo. Apongozi aakazi, amene anali chete nthawi yonseyi akusenda mtedza, anaisendeza pafupi ndi ine.

"Akamwini, poti maso anu ndi akuthwa chonchi, aona za ku Spain zonse, malaya mwavalawa mwawaona?"

Ndinaweramitsa mutu. Malaya anali otembenuza, msoko wonse kunja, kachikwangwani ka kusitolo kali lende pakhosi. Ndinali nditaphunzitsa nawo makalasi atatu m'mawa umenewo, ana a Folomu 2 akungoseka, ine n'kumaganiza kuti nthabwala zanga za Napoleon zakoma.

Apongozi aamuna anamwa thobwa lotsala, n'kufunsa: "Malayawo anapangidwa chaka chanji?"