Mvula ya Lachinayi, mpikisano wa Loweruka

Sabata yathayi inayamba ngati ina iliyonse ya m'dzinja kuno kubwalo la gofu: kutchetcha ma green (malo a udzu wosalala pomwe pamakhala bowo) m'mamawa, kusuntha mabowo, kulimbana ndi chiswe m'ma fairway (njira za udzu zopita ku green), ndi kudikira dizilo wa thirakitala yemwe masiku ano amabwera mwa apo ndi apo.

Lachinayi usiku mvula inakhuthuka mpaka mbandakucha. Kutacha, ma green atatu a kumunsi cha kudambo anali thamanda lokhalokha. Nditaponda pa green ya nambala 7 madzi anatumphuka m'mbali mwa jombo, ndipo nditazula mbendera ndinapeza bowo ladzaza, nyongolotsi zikuyandama. M'ma bunker, maenje a mchenga aja, mchenga unakokolokera pansi n'kusakanikirana ndi katondo. Anzanga a ntchitoyi mukudziwa kuti mchenga woterowo reki siithandiza, uyenera kupalidwa ndi fosholo, apo ayi ukauma umalimba ngati njerwa.

Ndinauza a komiti kuti bwalo litsekedwe mpaka Lolemba. Iwo anati mpikisano wa Loweruka uli ndi kampani yothandiza, matenti analipiridwa kale, ndipo alendo ena akuchokera kutali. "Mungoyesetsa, bambo." Ndinapempha kuti chonde tiboole mabowo ongoyembekezera pa fairway kuti ma green atatuwo apume. Anakana, ati zichititsa manyazi pamaso pa alendo.

Loweruka anthu anaponda tsiku lonse. Udzu wa pa green timaudula n'kutsala mamilimita 4 kapena kucheperapo, mizu yake ndi yaifupi, ndipo nthaka yokhuta madzi ikapondedwa imatsendereka moti mpweya sulowanso. Mpira uliwonse wotera unkasiya kadzenje, osewera ambiri n'kumangodutsa osakakonza. Galimoto yonyamula zakumwa inadula njira pa fairway ya nambala 8, matayala n'kusiya mizere yoti phazi limalowa mpaka m'kakolo. Ndinaima pansi pa mtengo ndikuonerera, mtima ukuwawa. Ma caddie, onyamula zikwama za osewera, sindikuwaimba mlandu ngakhale anasangalala kuti mpikisano ulipo, chifukwa bwalo likatsekedwa iwo amabwerera kwawo chimanjamanja.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi ngalande. Zinakwiririka ndi matope nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, ndipo zomwe tinafukula ndi makasu n'zapamwamba zokha, mapaipi a pansi adakali otsekeka. Chilimwe chilichonse ndimalemba kalata yopempha mapaipi, miyala ya kware ndi aganyu kuti tikonze nthaka ikadali youma. Yankho limakhala lakuti ndalama palibe, chonsecho penti ya ku bala yomwerako zakumwa inapezeka. Ngalandezo zikanakhala bwino, madzi a Lachinayi akanakhala ataphwa pofika Loweruka.

Pofika Lolemba kapinga anayamba kuchita chikasu, feteleza yemwe tinathira atapita ndi madzi, ndipo mawanga a fangasi atulukira pa ma green awiri. Mankhwala opopera mulibe m'sitolo mwathu, ogulitsa akuti ndalama zakunja zikuvuta. Ine ndi anyamata anga tikuboola nthaka ndi mafoloko n'kumathira mchenga wosefa m'timabowomo, dzanja ndi dzanja. Pa nambala 7 foloko ikutuluka ndi dothi lakuda lonunkha dzira lovunda, chizindikiro chakuti mizu ikubanika.

Dzulo membala wina, mmodzi mwa omwe anasewera Loweruka, walemba m'buku la madandaulo kuti osamalira bwalo akugona pantchito. A komiti andiitana Lachitatu kuti ndikafotokoze. Ndikatenga makalata onse aja a ngalande, ndipo ndikawapempha kuti msonkhanowo tikachitire pa nambala 7 pomwepo.